Kamtengo ka M'chikwama cha Munira

1. Ulendo wa Loweruka

Loweruka limenelo Munira Habibu anadzuka yekha, osadikira kuti amudzutse. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wa Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwawo ku Chinamwali. Tsikulo gulu la zachilengedwe la pasukulupo linkakwera phiri la Zomba.

Phirilo ankaliona tsiku ndi tsiku. Akatuluka kukataya madzi otsukira mbale, linali pomwepo, pamwamba pa malata a aneba. Koma chibadwire anali asanapondeko.

Mayi ake, a Sumaya, anali telala. Ankasokera pakhonde la nyumba yawo, moyang'anana ndi msewu wopita kumsika. M'mawa umenewo anamukulungira mandasi awiri ndi mbatata yophika m'pepala lakhaki, n'kumuthirira madzi m'botolo.

"Uvale nsapato zakale zija, zatsopanozo zikakuluma," anatero. "Juzi usaisiye, kumtunda kumazizira. Pokwera usamathamange. Uziponda ndi phazi lonse, osati ndi zala zokha."

"Inu mukudziwa bwanji, Amayi, poti simupitako?"

"Ndimamva kwa anthu a nkhuni," anayankha a Sumaya, akulowetsa ulusi m'singano.

Lole ya kholo lina inawatula m'tauni, kumtunda kwa nyumba zakale za boma, pamene imayambira njira imene alimi a kuphiri amatsikira ndi mbatata zawo. Ophunzira analipo makumi awiri ndi awiri. Anali ndi a Chimwaza, aphunzitsi a Chingerezi, amenenso ankayang'anira gululo.

Pansi pa mtengo panali mayi wamfupi wa imvi, wovala jombo, ndodo yansungwi ili m'manja. A Chimwaza anati amenewa ndiwo awatsogolere. Kwawo kunali ku Karonga, koma anagwira ntchito ya zankhalango paphiri pomwepo zaka makumi atatu mpaka kupuma. Dzina la bambo awo linali lalitali, ndiye anthu a ku Zomba anangozolowera kuwatchula kuti Mayi Tusekile.

Mayiwo anatenga pepala la mayina n'kuyamba kuitana mmodzimmodzi. Atafika pa Munira anaima, namuyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Mayi ako ndani, mwanawe?"

"A Sumaya, osoka pa Chinamwali."

"Chabwino," anatero, napitiriza kuitana ena.

2. Malamulo a phiri

Asananyamuke, Mayi Tusekile anagogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Ana inu, mvetserani, chifukwa sindibwereza. Phiri ili mumaliyesa la kwanu poti mumaliona muli pakhomo, koma ilo silikudziwani. Nkhungu ikatsika kuno, munthu sadziwanso kumene wachokera. Ndaonapo anyamata amphamvu kuposa inu akulira ngati makanda, chonsecho msewu uli mapazi makumi awiri okha kuchokera pamene aimapo. Ndiye pasapezeke wochoka pagulu. Wofuna kudzithandiza anene, timudikira. Wokwiya ndi mnzake akwiye ali pamzere. Amene ali ndi machesi andipatse pompano. Mnyamata wina wosaka mbewa anatentha mitengo imene tinaisamalira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo moto wakewo unamaliza ntchito dzuwa lisanalowe. Chinanso, musathyole duwa, musazule kanthu. Aliyense amati n'kamodzi kokha, koma taonani kuchuluka kwanuku, ndipo mawa kubwera ena. Chimene mwachikonda muchiyang'ane, muchinunkhize, mundifunse dzina lake, kenako muchisiye pomwepo."

Anayamba kukwera. Njira inali yoterera chifukwa kunagwa mvula dzulo lake. Atsikana ankaimba nyimbo za kusukulu, anyamata akupikisana, mpaka chitunda chinawatseka pakamwa onse.

Woyamba kupuma wefuwefu anali Sam. Iyeyu ankakhala ku Chikanda, kumene bambo ake anali ndi zipinda zogonamo ophunzira a kukoleji. Ankakonda kunena kuti Chingerezi amachimwera m'kapu imodzi ndi anthu a madigiri, ndipo m'kalasi dzanja lake linkakwera funso lisanathe.

Atafika pa kamtsinje, Mayi Tusekile analoza mtengo wina ndi ndodo.

"Uwu ndi mtengo wanji?"

"Tree," anatero Sam, ndipo onse anaseka.

Munira anatola tsamba limene linagwa, nalifikisa ndi zala, nalinunkhiza atapendeketsa mutu.

"Katope," anatero motsitsa mawu.

"Nanga uwo uli kutsidyako?"

"Umenewo ndi msuku. Wapafupi nawowo ndi mombo."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Palibe, Amayi. Mayi anga akamagula nkhuni amazinunkhiza n'kutchula mayina ake. Akapeza zaziwisi amabweza."

Mayi Tusekile anangogwedeza mutu, nawauza kuti apitirize.

3. Mawu a pathanthwe

Chapafupi ndi pamwamba, mvula inali itagumula dothi la m'mbali mwa njira. Pogumukapo panali kamtengo kakatope, kotalika ngati chala, ka masamba asanu. Kankalendewera ndi muzu umodzi wokha, pamalo pamene anthu amadutsa akukoka mitengo. Kakanapondedwa tsiku lomwelo.

Munira anatsalira pang'ono. Lamulo lija analikumbukira, koma anadziuza kuti wazula si iye, ndi mvula. Anakumba mozungulira ndi kandodo kouma, nanyamula kamtengo kaja pamodzi ndi dothi lake. Mandasi ndi mbatata anaziika m'thumba la juzi, pepala lija nalinyowetsa ndi madzi a m'botolo. Anakulungamo mizu, napinda ngodya zinayi m'mwamba, n'kukaika m'thumba lam'mbali la chikwama.

Atakweza maso anaona Mayi Tusekile ndi a Chimwaza ataima pathanthwe, akumuyang'ana. Mayiwo ananena kanthu kwa aphunzitsiwo, ndipo aphunzitsiwo anamuyang'ananso Munira kachiwiri. Pansi pa thanthwelo panali Sam, akumanga chingwe cha nsapato.

Sipanatenge nthawi, Sam anamupeza akuyenda ndi mnzake wapamtima, Chifuniro.

"Munira, nkhani yako yavuta," anatero.

"Nkhani yanji?"

"Akuona ukuika kamtengo m'chikwama. Ndamva ndi makutu angawa. Ati, That one takes after her mother."

"Ndiye kuti chiyani?"

"N'zophweka zimenezo. Take n'kutenga. After ndi pambuyo. Mother ndi mayi. Phatikiza wekha. Mayi ako ankatenga za eni, ndiye iwe ukutenga pambuyo pawo. Mayi patsogolo, mwana pambuyo."

"Sam, tasiya zimenezo," anatero Chifuniro.

"Si ine ndanena, n'Chingerezi. Nanga m'mawa muja amufunsiranji dzina la mayi ake? Akuwadziwa. Mwina anawagwirapo."

Mawuwo anayenda mzere wonse, kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Ena ankacheuka n'kumamuyang'ana chikwama. Mnyamata wina anayamba kuimba chapansipansi kuti mayi patsogolo, mwana pambuyo, ndipo awiri atatu anamuvomera.

Munira anaweramitsa mutu, napitiriza kuyenda. Mayi ake anali munthu woti akasoka diresi, tizidutswa tonse totsala ankatikulunga n'kubwezera mwini nsalu. Pa Chinamwali ponse ankadziwika ndi zimenezo. Lero ankatchedwa wakuba ndi ana amene mayunifolomu awo anasokedwa pakhonde pawo.

4. Pamphambano

Anapumira pamphambano, pamene kanjira kena kankatsetserekera kumunsi. Kuchokera pamenepo tauni yonse inkaoneka, ndipo kumanzere, patali, malata a Chinamwali ankanyezimira.

Munira anapatuka, naima pamene kanjirako kankayambira. Chifuniro anamutsatira.

"Ingotaya kamtengoko patchirepa," ananong'ona Chifuniro. "Akakufunsa ukane. Ine ndikuikira umboni."

"Ndikufuna kupita kunyumba."

"Wekha? Taona kumtundaku."

Nkhungu inali itayamba kuphimba nsonga za mitengo ya paini. Munira anayang'ana nkhunguyo, nayang'ananso kanjira kaja. Anaponda sitepe imodzi kutsika, kenako anaima.

"Ndikataya kamtengoka, mawu aja satayika," anatero. "Lolemba adzakhala ali kusukulu. Lachiwiri afika kumsika."

"Ndiye utani?"

"Ndikawafunsa eni ake."

"Pamaso pa anthu onsewa?"

"Anthu onsewa ndi amene amva."

Anabwerera pamzere.

Nthawi ya nkhomaliro inawapeza m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, pa miyala yafulati. Nkhungu ija inadutsa chapamwamba, dzuwa n'kutulukanso. Aliyense anamasula kamba wake. Munira sanadye. Anatulutsa kamtengo kaja, napita pamene panakhala Mayi Tusekile, nagwada. Phokoso lonse linatha.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Yankhula."

"Munatiletsa kuzula kanthu, koma ine ndatenga aka osakufunsani. Ndalakwa, ndipo chilango ndilandira. Koma mayi anga sanabepo chinthu cha munthu. Ngati mukudziwa chimene anatenga, ndiuzeni pompano, onsewa akumva."



Mayi Tusekile anaika kapu yawo pansi.

"Wakuuza ndani kuti mayi ako anaba?"

Maso onse anapita kwa Sam, amene anali ndi chimanga chootcha pakamwa.

"Ine ndangomasulira, Sala," anatero Sam, akuyang'ana a Chimwaza.

"Tamasuliranso timve," anatero aphunzitsiwo.

Sam anaimirira, nabwereza zonse, kuyambira pa take mpaka pa mwana pambuyo. Asanamalize, Mayi Tusekile anali atayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira ndodo ndi manja onse awiri, misozi ikutsika. A Chimwaza anavula magalasi n'kumapukuta m'maso.

5. Kutenga ndi kutengera

"Dzuka, mwanangu, khala apa pafupi ndi ine," anatero Mayi Tusekile atapezanso mpweya. "Ana inu, ine Chichewa ndinachiphunzira ndili wamkulu, ndiye mundithandize. Mwana akamayenda ngati bambo ake, kuseka ngati bambo ake, mphuno ngati ya bambo ake, kuno mumati watani?"

"Watengera bambo ake," anayankha angapo.

"Watengera. M'kati mwa mawu amenewo, kutenga mulimo kapena mulibe?"

"Mulimo."

"Ndiye mwanayo waba chiyani kwa bambo akewo?"

"Waba mphuno," anatero Chifuniro, ndipo gulu lonse linafa nalo phwete.

A Chimwaza anatola dothi lofiira lolimba, nalemba pamwala zilembo zikuluzikulu: take after.

"Sam sananame kuti take n'kutenga," anatero. "Sananamenso kuti after ndi pambuyo. Kulakwa kwake n'koti wawalekanitsa. M'Chingerezi muli aneni ambiri amene amayenda ndi kamawu kena kakang'ono, ndipo akakhala pamodzi amabala tanthauzo latsopano. Look n'kuyang'ana, koma look after n'kusamalira. Chimodzimodzi take after n'kutengera. Timanena za munthu amene wafanana ndi wachibale wamkulu kwa iye, kaya ndi nkhope, msinkhu, khalidwe kapena luso. Ndiye mayiwa anati chiyani za Munira?"

"Anati watengera mayi ake," onse anayankhira pamodzi.

Munira anayang'ana pansi. Manja ake, amene anali atafumbata kamtengo kaja mwamphamvu, anamasuka.

"Tsopano aliyense apange chiganizo chake," anatero a Chimwaza. "Sam, yamba ndiwe, poti Chingerezi umachimwera m'kapu."

Sam anakanda m'mutu. "My father takes after me."

"Anayamba kubadwa ndani, iwe kapena bambo ako?"

"Bambo, Sala."

"Ndiye wotengera mnzake ndani?"

"Ine, Sala."

"Khala kaye pansi uganize. Chifuniro?"

"I take after my friend Munira."

"Munira ndi mayi ako aang'ono?"

"Ayi, Sala."

"Ndiye sizitheka. Mawu amenewa amatsata magazi. Mnzako ukhoza kufanana naye, koma sungamutengere."

Mtsikana wina anati watengera agogo ake aakazi pa kutalika, nanena bwinobwino m'Chingerezi. Mnyamata woimba nyimbo uja anati watengera amalume ake, poti onse awiri amagona m'tchalitchi. Wina anayesa kuika mother pakati pa take ndi after, ndipo a Chimwaza anamuuza kuti awiriwo salola munthu kukhala pakati pawo. Chiganizo chilichonse chinkatsatiridwa ndi kuseka ndi kuwomba m'manja.

Potsiriza Sam anakwezanso dzanja, ulendo uno pang'onopang'ono.

"I take after my aunt," anatero. "Nawonso amayankha asanamvetse funso."

"Chimenecho ndiye chiganizo cholondola," anatero a Chimwaza.

Sam anapita pamene panali Munira, nanyema chimanga chake pakati.

"Pepa, Munira. Ndinalakwira iwe ndi mayi ako omwe."

Munira analandira chimangacho.

Mayi Tusekile anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anayankhula.

"Musamuseke kwambiri mnzanuyu. Ine nditangofika kuno, wantchito wina anabwera akumwetulira, nati mkazi wake wachira. Ine ndinati zikomo, koma amadwala chiyani? Anthu onse a kunazale ya mitengo anagwa pansi n'kuseka. Sindinkadziwa kuti kuno mayi akabereka bwino mumati wachira. Mawu ndinkawadziwa, koma tanthauzo linandidutsa. Ndiye kusadziwa si mlandu, tonse tinayambira pomwepo. Choopsa n'kutenga chinthu chimene sunachimvetse n'kuchipereka kwa anzako molimba mtima ngati choona. Taonani lero. Dzina la mayi wosalakwa layenda mzere wonse pa mphindi khumi, mpaka lapekedwera nyimbo. Tikanatsika phiri lino nkhaniyi isanakonzedwe, bwenzi mawa anthu akuchotsa nsalu zawo pakhonde pa mayi amene uja. Mukadzakula ena mwa inu mudzawerengera makolo makalata a kuchipatala, ena mudzamasulira m'makhoti. Mukakumana ndi mawu amene mukuwadziwa limodzilimodzi koma pamodzi sakumveka, imani. Funsani amene wanena ngati ali pafupi. Ngati palibe, tsegulani dikishonale, muyang'ane mawu onse awiri pamodzi. Kunena kuti sindikudziwa sikuchotsa munthu ulemu."

Kenako anatembenukira kwa Munira.

"Iwenso uli ndi mbali yako. Kamtengoka unayenera kundifunsa kaye, ndipo ndikanakulola. Lamulo silisiya kukhala lamulo chifukwa choti cholinga chako n'chabwino. Koma ndinakuona pamphambano paja. Unaponda kanjira kotsika, n'kubwerera. Pamenepo unachita bwino."

6. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje

Atatha kudya, Mayi Tusekile anati ali ndi choti awaonetse. Anawatsogolera chokwera mtsinje, kudutsa m'mitengo ya paini, mpaka anatulukira pamalo ena ozizira bwino. Pamenepo panalibe paini. Panali mitengo yakatope italiitali, nthambi zake zitakumana pamwamba pa madzi, mbalame zikulira m'mwambamo.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo pano panali phulusa lokhalokha," anatero. "Moto uja ndinakuuzani unadutsa pompano. Nthawi imeneyo kunazale kwathu kunkabwera mtsikana wina Loweruka lililonse, kudzapereka chakudya kwa amalume ake amene ankagwira nafe ntchito. Mbande zofooka ife tinkazitaya kudzala. Tsiku lina mtsikanayo anandipempha kuti azizitola. Ankazikulunga m'pepala lonyowa n'kubwera nazo kuno, yekha, kudzabzala. Chilimwe ankatunga madzi ndi chitini n'kumathirira. Anyamata a kunazale ankamuseka kuti akulera mitembo. Anachita zimenezo zaka zitatu."

Anaima, nayang'ana Munira.

"Dzina lake anali Sumaya. Mphuno yake inkadziwa mitengo kuposa mabuku a muofesi mwathu. Ndiye m'mawa muja nditaona nkhope yako ndinakayikira. Utafikisa tsamba n'kupendeketsa mutu, ndinatsimikiza. Koma pamene unapinda pepala lija ngodya zinayi, ndinaona ngati zaka zonsezi sizinadutse. N'chifukwa chake ndinanena mawu aja."

Munira anayandikira mtengo umene unali pafupi, naukumbatira. Zala zake zinangokhudzana pang'ono kuseri kwake. Anayang'ana m'mwamba mpaka khosi linawawa, kenako anayamba kuseka yekha.

"Amayi anga," anatero. "Amene amati phiri amalimvera kwa anthu a nkhuni."

Anzake anabalalika n'kuyamba kuwerenga mitengoyo, wina kutsidya lino, wina kutsidya linalo. Anakangana, nawerenganso kawiri. Inakwana makumi anayi ndi itatu. Mnyamata wa nyimbo uja anasintha mawu, nayamba kuimba kuti Munira watengera, ndipo ulendo uno onse anavomera, akuvina pa masamba onyowa. Ngakhale a Chimwaza anagwedeza mapewa.

Mayi Tusekile anasankha malo pamene dzuwa linkalowa pakati pa nthambi. Sam anakumba dzenje ndi ndodo yansungwi ija, Chifuniro anatunga madzi, ndipo Munira anamasula pepala n'kukhazika kamtengo kaja m'dothi, natsendera ndi zala.

"Who will look after it?" anafunsa a Chimwaza.

Sam anatsegula pakamwa, natsekanso, naganiza kaye.

"Akufunsa kuti adzakasamalira ndani," anatero. "We will look after it, Sala. Tizibwera teremu iliyonse."

Potsika, Munira anayenda pambali pa Mayi Tusekile.

"Amayi, nanga mayi anga anasiyiranji kubwera kuno?"

"Zimenezo akakuuze okha. Ine ndinangoona Loweruka lina sanabwere, lotsatira lakenso osabwera. Ndinamva kuti anakwatiwa, koma sindinafune kumulondola ngati wapalamula. Ukawauze kuti Tusekile akukhala ku Matawale, nyumba ya mpanda wa maluwa ofiira kuseri kwa chigayo. Ukawauzenso kuti sindinakwiye."

7. Pakhonde

Munira anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa phiri, miyendo ili matope okhaokha. Makina ankalira pakhonde. Mayi ake anali atawerama, akupinda m'munsi mwa siketi yasukulu.

Munira anapereka moni, nakhala pa mpando wa makasitomala.

"Amayi," anatero, "I take after you."

A Sumaya sanakweze n'komwe mutu.

"Pa liuma, inde. Koma pa kutsuka mbale watengera bambo ako."

Munira anatsegula maso. "Mawu amenewa mukuwadziwa?"

"Ukuyesa sukulu inayamba ndi iwe?"

"Ndaona mitengo yanu, Amayi. Ya m'mbali mwa Mulunguzi."

Phazi la a Sumaya linaima, makina n'kukhala chete.

"Ilipo?"

"Makumi anayi ndi itatu. Tawerenga katatu."

"Ndinabzala makumi asanu ndi umodzi," anatero a Sumaya pang'onopang'ono. "Ndinkayesa kuti yonse inapita ku makala. Yakula bwanji?"

Munira anaimirira, natambasula manja kuonetsa kunenepa kwake, naloza pamwamba pa mtengo wa magetsi kuonetsa kutalika kwake. Mayi ake anaseka, nagwira pakamwa, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Wakuonetsa ndani?"

"Mayi Tusekile. Akuti akukhala ku Matawale, kuseri kwa chigayo. Akutinso sanakwiye."

A Sumaya anayang'ana phiri. Kenako anadula ulusi, napinda siketi ija ili yosatha, navindikira makina ndi nsalu. Munira anali asanaonepo makina amenewo atavindikiridwa dzuwa lisanalowe, kupatula pa Idi.

A Sumaya analowa m'nyumba. Munira anamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Atatuluka anali atasintha mpango, m'manja muli envulopu yakhaki yakale, yothetheka m'mbali.

"Kasambe m'miyendo msanga, uitane akabaza awiri," anatero.

"Tikupita kuti?"

"Ku Matawale. Mayi amene aja anandipezera malo kusukulu ya zankhalango. Kalata yake ndi iyi. Ine sindinapite, ndipo sindinakawatsanzike n'komwe."

"Chifukwa chiyani, Amayi?"

A Sumaya anakhoma chitseko, naika envulopu ija m'chikwama chawo.

"Ndikauza iwo ndi iwe nthawi imodzi," anatero. "Nkhani imeneyi sindingathe kuinena kawiri."